Mbumba ya Agogo NaBanda: za holide ya Tiyamike

LOLEMBA

Esnart (18:42): Odi kuno. Mwaswera bwanji nonse? Amene muli ndi bandulo werengani mpaka pansi, lero si tsiku la mavesi ndi zithunzi za maluwa. Ndangofika kumene kuchokera kumishoni kwa Tiyamike, mwana wa m'bale wathu malemu Malita. Amayi amene amasunga ana m'nyumba yawo ija anandiimbira Lachisanu kuti abale abwere, ndiye lero katundu ndinasiyira mnzanga pa Saturday Market mu Chipata muno n'kunyamuka.

Mabvuto (18:44): Taswera alongo. Mwana ali bwino? Musayambe motero, mtima uli kale m'mwamba kuno.

Esnart (18:47): Ali bwino, sakudwala. Watalika, wandifika m'khutu. Mayeso a Giredi 7 alemba, atha. Koma sukulu ya pamenepo imathera Giredi 7 yomweyo, ndiye Januwale ayenera kupita kwina. Komanso akuti holide ino ya Disembala asagonenso kumishoni, apite kwa abale ake. Mayi wa ku Social Welfare analipo, ndi amene analankhula kwambiri.

Yobe (18:58): Moni nonse. Kuno ku Chadiza netiweki mpaka ukwere pachulu. Ndiye akumuthamangitsa kapena?

Esnart (19:04): Sakumuthamangitsa alongo. Anafotokoza kuti chibwerere lamulo la ana la 2022, lija amati Children's Code Act, boma likufuna kuti nyumba zotere zikhale pothawira zinthu zikavuta, osati pokulira mwana amene abale ake ali moyo. Azizolowera kwawo pang'onopang'ono, asadzatuluke ali mtsikana wamkulu osadziwa ngakhale njira ya kumudzi. Ine pakamwa panangouma. Koma chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi buku la alendo la pageti. Mlonda ananditsegulira kuti ndilembe dzina, ine n'kuyamba kubwerera masamba kufuna dzina la kwathu. Ndinapeza la Grace, la mu Epulo 2024. Kuchokera pamenepo zii. Ngakhale ine wa mu Kapata momwemu, ulendo wa basi imodzi.

Grace (19:09): Mayo ine. Ndinkaganiza kuti ena mwapitako pambuyo panga.

Yobe (19:16): Tisadzinyoze kwambiri. 2024 mwaiiwala? Chimanga chinapserera chili ndi ngayaye, mpaka apulezidenti analengeza mu Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Ine ndinagulitsa mbuzi zitatu kuti pakhomo padyedwe. Ndikanapita bwanji kukaona mwana chimanjamanja? Mumtima ndinkangoti bola iyeyo akudya katatu.

Grace (19:18): Ndi zoona alongo, koma chaka chino tinakolola.

Yobe (19:19): Chabwino, wandigwira.

Dalitso (19:20): Amalume, agogo ali pafupi? Nkhaniyi aimve.

Yobe (19:23): Ali pakhonde, a NaPhiri akuwawerengera.

Chisomo (19:26): Azakhali, tiuzeniko mmene akukhalira. Ine ndinabwera ku Johannesburg kuno iye asanapite kumeneko, malowo sindiwadziwa n'komwe.

Esnart (19:33): Malowo ndi abwino, tisanamizane. Nyumba zilipo zingapo, anyamata kwawo, atsikana kwawo, ndipo nyumba iliyonse ili ndi mayi wake amene amagona momwemo. Kwa Tiyamike alimo ana 11. Belu lawo ndi limu ya galimoto yomangirira pamtengo wa mango, ikalira 5 koloko aliyense mapazi pansi. Ayala mabedi, apemphera pabalaza, mmodzi awerenga ndime ya tsikulo, kenako ntchito: awa tsache, awa kumjigo, awa kukasonkha moto. Phala amamwa asanalowe m'kalasi, masiku ena la soya, masiku ena lothira nsinjiro. Sukulu ili mkati mwa mpanda momwemo, ndipo ana a m'midzi yozungulira amaphunzira nawo, sikuti amangoonana okhaokha ayi.

Esnart (19:39): Masana nsima ya nyemba kapena kapenta, ndi repu wa m'dimba mwawo. Nyama Lamlungu. Akaweruka aliyense ali ndi bedi lake la ndiwo loti athirire. Wathuyu anamupatsanso udindo wa nkhuku. Abale inu, mukanaona kabuku kake! Wajambula mizere ndi rula: tsiku, mazira otola, osweka, opita kukhitchini. Lero analemba 23, losweka limodzi, ndipo pambali pake walemba kuti "yaswa ndi nkhuku yofiira ija, si ine". Ndinaseka mpaka misozi. Malita yemwe uja, mukukumbuka mmene ankawerengera ndalama za zitumbuwa kawirikawiri ngati wina amubera?

Mabvuto (19:41): Ankandilemba ngongole ya chitumbuwa chimodzi mpaka chaka kutha.

Esnart (19:45): Madzulo akadya amabwerera m'kalasi kukawerenga. Anaika sola nthawi ija magetsi ankazima tsiku lonse madzi atachepa ku Kariba, ndiye iwo amawerenga ife mu Kapata tikufufuza makandulo. Lachitatu ndi Lachisanu kwaya, Loweruka kuchapa ndi kulukana tsitsi, Lamlungu kutchalitchi. Ikakwana 20:30 nyali zazima.

Yobe (19:50): Nanga akalakwa amawakwapula?

Grace (19:52): Kukwapula kunaletsedwa kalekale m'masukulu, alongo. Ife aphunzitsi ukangogwira ndodo wadzichotsa wekha ntchito.

Esnart (19:53): Chilango chawo ndi kuzula udzu kapena kukwecha mapoto a nyemba. Iye akuti mapotowo ndiye oopsa.

Yobe (19:55): N'chifukwa chake ana a masiku ano amayankha akulu ali chiimire.

Mabvuto (19:56): Akulu, inu munakwapulidwa zaka zonse zija koma Giredi 7 munabwereza kawiri 😂

Yobe (19:57): Iwe Mabvuto ndikukuona.

Esnart (20:05): Seka bwino Mabvuto, yako ikubwera. Ananditengera kuchipinda kuti ndione pogona pake. Amagona bedi la pansi, bokosi lake lili kunsi, zovala zopinda bwinobwino. Pansi pa pilo pali buku lake la nyimbo. Patsamba lomaliza walemba ndi pensulo maina a anthu amene amawapempherera asanagone. Agogo poyamba. Ine ndilipo, Grace alipo, amalume a Yobe ndi a NaPhiri, Dalitso, Chisomo. Kumapeto kwenikweni walemba kuti "amalume a ku Lusaka, dzina ndaiwala, Mulungu akulidziwa".

Mabvuto (20:14): Alongo mwandipha.

Dalitso (20:15): Amalume achoka pa intaneti.

Mabvuto (20:22): Ndilipo. Ndinatuluka panja pang'ono. Anandiona komaliza pamaliro a Malita mu 2021, ali ndi zaka 9. Palibe chimene ndinganene.

NaPhiri (20:31): Moni alamu nonse, ndalanda foni ya abambo kuti ndilembe mawu a amayi. Akuti: "Mwana ameneyo tinamupereka chifukwa ine maso anali atafa, Esnart anali m'chipinda chimodzi ndi ana anayi, ndipo aliyense anali ndi lake. Sitinamutaye. Koma ngati wayamba kuiwala maina, ndiye kuti tachedwa. Abwere ndimugwire kumaso ndisanafe." Atero amayi, ndipo akuti tambala wawo wamkulu uja ndi wa Tiyamike.

Grace (20:33): Tamva amayi. Tigone nayo, mawa tikambirane za komwe akafikire.

LACHIWIRI

Yobe (06:12): Mwadzuka bwanji. Ine maganizo anga ndi achidule. Mwana wa mlongo wanga ndi mbumba yanga. Akatsekera ndidzamutenga, holide yonse akhale kuno kumudzi ndi agogo ake.

Grace (06:40): Tadzuka alongo. Palibe akukana kuti ndinu mwini mbumba. Koma Disembala kumudziko timakudziwa. Kudzala, kuthira feteleza, kupalira, mbandakucha mpaka dzuwa pamutu. Mwana wazolowera bedi limodzi la repu ndi keni yothirira. Musadzamuone ngati khasu lowonjezera.

Yobe (06:52): Ndiye kulima kwasanduka chilango? Iwe unaphunzira ndi ndalama za thonje lomwelo.

Grace (06:55): Sindinatero. Ndikuti tisamugwetse m'madzi akuya tsiku loyamba. Ngakhale mayi wa ku Social Welfare adzabwera kudzaona pomwe akugona, si choncho achemwali?

Esnart (07:20): Eya, anati asanamutulutse adzayendera nyumba imene akafikire, aone pogona, amene akukhala naye, ndi amene adzasaine kuti wamutenga ndipo adzamubweza tsiku lakuti. Kuno ku Kapata n'kosavuta kuti afike. Ine ndikuganiza chonchi: masabata awiri oyamba akhale ndi ine, agone ndi Mwatitha, azipita nane kumsika aone anthu. Ikayandikira Khirisimasi tonse tibwere naye kumudzi, akhale ndi agogo mpaka chaka chatsopano. Akapalirako mizere iwiri si imfa, koma asadzuke ndi nkhuku tsiku lililonse.

Yobe (07:41): Kumishoniko amadzuka 5 koloko, mwanena nokha. Nkhuku zanga zimadzuka mochedwa kuposa pamenepo.

Chisomo (07:43): Adadi apambana apa 😂

Yobe (07:50): Chabwino, ndavomera za Esnart. Koma Khirisimasi ndi kuno, zimenezo sitikambirananso.

Esnart (08:15): Pali china chimene anandinong'oneza amayi a m'nyumba yawo. Mwana wakula. Zambiri tikambirana ife akazi patokha, Grace ndi alamu a NaPhiri ndikuimbirani madzulo. Apa ndingonena kuti alangizi a kumpingo anakhala naye kale pansi, ndipo agogo akafuna kumuuza zawo amuuze m'nyumba mwakachetechete, osati kuitana mudzi wonse ndi ng'oma.

Dalitso (08:17): Ife amuna tatseka makutu.

NaPhiri (08:40): Amayi akuti amva, koma akuti alangizi a kumpingo amasiya zina.

Grace (08:42): Madzulo alamu, madzulo.

Esnart (12:30): Ndinasiya dala nkhani yovuta kuti muyambe mwadya. A Social Welfare akuti a kwa bambo ake adziwitsidwe. Bamboyo akuti akadali ku Kitwe ndi mkazi wina, koma amayi ake ali ku Feni konkuja.

Yobe (12:48): Ayi. Pamaliro anabwera, anadya, anapita. Zaka zinayi ngakhale sopo wa K10. Iwo ndi Angoni, amati mwana ndi wa kwa bambo, chabwino, nanga ng'ombe za malowolo zinafika pakhomo pa ndani? Ife Achewa mwana ndi wa kwa mayi. Tikangowauza, mawa adzati mwana wakula, tipatseni atithandize pakhomo.

Mabvuto (13:05): Akulu, mkwiyo wanu ndi wanganso. Koma taonani buku la pageti lija. Ifenso chaka ndi miyezi 7 sitinapondeko. Tikayamba kuwerengerana sopo tonse tigwa.

Grace (13:11): Ndipo si nkhani ya mwambo yokha. Pa satifiketi ya mayeso dzina lake ndi la kwa bambo ake. Mawa pakafunika siginecha ya kholo tidzawafuna ndife. Kuwadziwitsa sikuwapatsa mwana. Agogo a ku Feni aja sanatilakwire, pamaliro anagona panja masiku atatu ndi amayi.

NaPhiri (13:30): Amayi akuti zimenezo n'zoona, mayi uja analira ngati wake. Akuti auzidwe, ndipo akafuna abwere adzadye nafe Khirisimasi. Koma mwana wawoyo asabwere ndi mkazi wake watsopano kudzationetsa.

Yobe (13:52): Amayi akalankhula ine ndine ndani. Koma woimba foni si ine.

Grace (13:54): Ndiimba ine. Nambala ndili nayo ya mdzukulu wawo wina amene ndinamuphunzitsa.

Mabvuto (17:20): Tsopano za Januwale. Akakhoza apita kuti? Paja tsopano akuti Fomu 1, Giredi 8 inatha?

Grace (17:45): Eya, kuyambira 2025 akachoka ku pulayimale akulowa Fomu 1. Zotsatira za ECZ, bungwe loona za mayeso lija, zimatuluka chakumapeto kwa chaka, ndiye tidzadziwa ali kale m'manja mwathu. Njira ndi ziwiri. Akapita sukulu yoyendera, palibe fizi, paja maphunziro aulere anayamba Januwale 2022. Ife zathu ndi yunifolomu, nsapato, makope ndi chakudya cha pakhomo. Akasankhidwa sukulu yogonera konko, ya chakudya ndi pogona imalipidwabe, koma pali basale ya ana amasiye ndi ovutika yochokera ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera. Thumbalo analikweza mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, ndipo ana anga angapo kuno ku Katete apita nayo. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Chovuta ndi mapepala, amafuna umboni woti mwanayo ndi wamasiyedi. Pepala la imfa ya Malita lili ndi ndani? Nanga kadi yake ya kusikelo?

Esnart (17:58): La imfa lili ndi ine, m'Baibulo. Kadi sindikudziwa.

NaPhiri (18:20): Kadi ili m'sutikesi ya amayi pamodzi ndi nsalu za Chigwirizano. Mbewa zinadya ngodya imodzi koma dzina ndi tsiku lobadwa zikuoneka.

Dalitso (18:22): Muijambule mbali zonse ziwiri mutumize pano, mbewa zisanamalize.

Yobe (18:47): Ine ndifunseko ngati munthu wosaphunzira. Mwana wakhala zaka zinayi kudzuka ndi belu, kudya ndi belu, kugona ndi belu. Boma likuti abwerere kwa abale. Ife tikumuchotsa pa belu ili kukamuika pa belu lina. Ndiye kwawo adzakudziwa liti?

Grace (18:55): Apa ndiye mwalankhula alongo. Ine ndimangoganiza za kuwerenga, kuti kogonera konko amakhoza bwino.

Esnart (19:10): Inenso funso limenelo landigwira. Kwanga malo alipo tsopano, Dalitso ali ku koleji, bedi lake lili chabe. Koma ndinene zoona, pakhomo panga si pa mishoni. Tsiku lina ndiwo zimakhala therere lokha, magetsi akapita apita, ndipo bala ya kuseri kwathu imaimba mpaka usiku. Kumeneko sanagonepo ndi njala. Ndikuopa kuti adzatiyang'ana n'kumati kodi kwathu n'kuno?

Mabvuto (19:16): Adzatero mwina sabata yoyamba. Koma tamufunsa mwini wake?

Esnart (19:25): Mayi wa ku Social Welfare anateronso, kuti mwana wa zaka 13 afunsidwe. Ine ndinayesako pang'ono. Yankho lake linandidabwitsa. Sanafunse za sukulu kapena za chakudya. M'nyumba mwawo muli kamwana ka zaka 5 kamene kanabwera chaka chatha, sikalankhula kwambiri, usiku kamakodza pabedi. Kakadzuka konyowa kamapita kwa Tiyamike, iye amakasintha mwakachetechete anzake asanadzuke kuti asakaseke, m'mawa n'kuchapa nsaluzo pamodzi ndi zake. Ndiye anandifunsa kuti, "Amayi aakulu, ndikapita, uyu adzadzutsa ndani?" Ine ndinangoyang'ana kudenga.

Chisomo (19:31): Ndikulira m'basi anthu akundiyang'ana.

Grace (19:36): Ndiye tisamuzule ngati chinangwa. Uko nakonso ali ndi abale ake. Akakhala kwa achemwali ku Kapata akhoza kumapitako Loweruka lina kukaona kamwanako ndi nkhuku zake.

Yobe (19:44): Za Januwale tisamange lero. Abwere holide, tione mmene akhalire, zotsatira zituluke, timufunse tili pamodzi pa Khirisimasi. Koma mafomu a basale Grace utenge ndithu, zisadzatipeze tili manja m'thumba.

Grace (19:45): Ndatenga kale awiri.

LACHITATU

Dalitso (09:02): Amayi andituma ndilembe za Loweruka. Tsiku loona ana ndi Loweruka likubwerali, geti amatsegula 10 koloko, kutseka 15 koloko. Malamulo awo: ndalama osapatsa mwana m'manja, zimasiyidwa kwa amayi a m'nyumba ndipo amalemba m'buku. Foni osamusiyira. Chakudya chophika chimaloledwa, koma adye nyumba yonse, chifukwa pali ana ena amene sabwera ndi mmodzi yemwe kudzawaona. Zithunzi tijambule wathu yekha, ana a eni osawaika pa Facebook.

Mabvuto (09:10): Lomalizalo ndi lako iwe mwini.

Dalitso (09:11): Ndalapa amalume.

Esnart (09:30): Ndipo chonde, pasapezeke wolonjeza mwana zinthu. Amayi aja anandiuza kuti chimene chimawavuta kwambiri si mwana amene sanaonedwe, koma amene anauzidwa kuti "tidzabwera mwezi wamawa" n'kukhala pageti Loweruka lililonse. Chimene sitinagwirizane pano, pakamwa chisatuluke.

NaPhiri (10:05): Tambala mmodzi pa ana 11 ndi ife akuluakulu sakwana. Ndiwonjezera thadzi langa losiya kuikira. Ndibweretsanso nsinjiro, mbatata zouma ndi mango a pamtengo wa Malita uja, ayamba kupsa.

Esnart (10:12): Mango amenewo musaiwale alamu. Anandifunsa ngati mtengowo ulipobe. Anafunsanso ngati angakaone pamene anagona amayi ake.

Yobe (10:40): Kumanda mwana sangolowa ngati kumsika, mukudziwa mwambo wa kuno. Ndikalankhula ndi amfumu, akalola tidzapita naye m'mawa ndi akuluakulu. Musamuyankhe kaye.

Chisomo (11:15): Ine ndatumiza K600 pa nambala ya azakhali a Esnart. K350 nsapato za sukulu, yotsalayo zofunika za atsikana, azakhali mukudziwa. Saizi yake ndi chani?

Esnart (11:22): Yafika mwanawe, zikomo. Ndinayeza phazi lake ndi langa, ndi 5.

Grace (11:40): Ine mpunga makilo 5, mafuta ophikira ndi sopo wa nyumba yonse. Ndinyamuka ku Katete ndi basi yoyamba, 8 koloko ndili pa Kapata. Ndaimbanso ku Feni. Agogo aja analira pafoni, akuti Loweruka sangathe miyendo ikuwavuta, koma Khirisimasi adzabwera ndi nkhuku. Za mwana wawo sindinafunse, iwonso sanatchule.

Yobe (12:02): Nkhuku tilandira.

Mabvuto (12:30): Ine ndapempha masiku awiri kuntchito. Ndikwera basi pa siteshoni ya Intercity kuno ku Lusaka Lachisanu m'mawa, madzulo ndili mu Chipata. Alongo mundisungire pogona, ngakhale pampando.

Grace (12:33): Makilomita oposa 500 chifukwa cha pensulo!

Mabvuto (12:35): Ndikufuna ndikamuuze ndekha dzina langa. Ndalama ya minibasi ya tonse kuchoka mu tauni kupita kumishoni ndi kubwerera ndi yanga.

Yobe (12:58): Nanga amayi? Akuti sakutsala.

Esnart (13:06): Msewu wa Chadiza ndi msana wawo uja? Akwere kutsogolo, ndipo mubwere Lachisanu agone kuno apume. Mankhwala awo a BP musasiye pawindo ngati ulendo watha.

NaPhiri (13:20): Ndawaika kale m'chikwama. Akuti avala nsalu ya Chigwirizano kuti a mishoni adziwe kuti mwanayo sachokera kwa akunja.

LACHISANU

Mabvuto (11:48): Tadutsa Luangwa. Ndagula nsomba zouma pa mlatho, zikununkha basi yonse.

Yobe (14:10): Ife tanyamuka mochedwa. Tambala anamva nkhani, wathawira m'munda mwa aneba, ana atatu amuthamangitsa ola lathunthu.

Dalitso (14:12): Wagwidwa?

Yobe (14:13): Ali pamiyendo pa agogo ako, womanga.

Esnart (19:40): Onse afika. Amayi adya, agona. Kuphika tiyamba 5 koloko, Grace ukapeza tamaliza. Dalitso mapoto awiri aakulu ukabwereke kwa amayi a Mwansa usiku uno, m'mawa amapita kumsika molawirira.

LOWERUKA

Chisomo (13:02): Abale mwangoti zii. Ine kuno ntchito sikugwirika. Zikuyenda bwanji?

Dalitso (13:20): Pepani asisi, mafoni anali m'matumba. Agogo amugwira kumaso monga ananenera, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, akuti mphuno ndi ya Malita. Iye poyamba anangoima manja kumbuyo ngati ali pa asembule, kuyankha "inde agogo, ayi agogo". Amasuka pamene azakhali a NaPhiri atulutsa mango. Ana onse 11 adya, kamwana kaja kadya chiwindi kali pamiyendo pa amalume a Yobe ndipo kakana kutsika.

Chisomo (13:23): Adadi amene amafunsa za ndodo aja?

Yobe (13:31): Kagona, ndikadzutse bwanji.

Grace (15:25): Tatuluka. Tasaina m'buku tonse, tsamba latsala pang'ono kudzaza. Mayi wa ku Social Welfare abwera kwa achemwali Lachinayi 10 koloko kudzaona pogona. Tsiku lomutenga atiuza akatsimikiza la kutsekera, kumayambiriro kwa Disembala. Wosaina ndi achemwali a Esnart, mboni alongo a Yobe.

Esnart (17:48): Tafika kunyumba. Mabvuto, iwe sunaone: pamene timatsanzikana anathamangira kuchipinda, wafufuta mzere uja n'kulemba dzina lako, koma walemba "Mavuto", akuti b ndi wa chiyani. Chisomo mwanawe, nsapato zachepa, phazi lake ndi 6, ine ndinayeza atavala patapata. Dalitso akasinthe Lolemba asanabwerere ku koleji, lisiti ili m'kachikwama kanga kofiira.